Tsiku Limene a Festy Anayeserera Maliro Awo

Taganizirani m'mawa wamba kwathu ku Rosmoyle. Mvula yowaza ikuchokera kunyanja, nkhosa zagona pakati pa msewu ngati msewuwo unamangidwira izo, basi ya sukulu ikuliza hutala kumbuyo kwake. Pambali, pa geti la munthu wina, paima mkulu wamfupi wa chikhoti chachikasu, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, akuwerenga chikwangwani mokweza ngati wansembe pa Misa. Amenewo anali a Festy Mulkerrin. Kuno kunalibe chikwangwani chopempha chilolezo chomangira chimene sanachiwerenge, ndipo kunalibe khoma, khola kapena chimbudzi chimene sanachipime ndi tepi yawo.

Anagawa makalata m'dera lathu zaka makumi anayi. Atapuma ntchito miyendo inakana kupuma nawo, choncho ankazungulirabe njira zomwe zija m'mawa uliwonse, tepi ili m'thumba. Anapimapo khitchini yatsopano ya ansembe n'kupeza kuti yapitirira mapulani ndi masentimita khumi ndi asanu. Ansembe atawakumbutsa za kukhululuka, iwo anayankha kuti zokhululuka n'zakumwamba, pansi pano pali khonsolo.

Inenso sanandisiye. Chaka china tinamanga kachisakasa koimikamo njinga za ana kusukulu kwathu, ndipo tsiku lotsatira ndinawapeza atagwada m'matope, akupima mzati.

"Aphunzitsi, kali ndi chilolezo aka?"

"N'ka njinga basi, a Festy."

"Njinga si mlandu. Mlandu ndi denga."

Ine ndinaona kuti kukangana nawo n'kutaya nthawi, ndiye ndinawalowetsa m'kalasi kuti aphunzitse ana kupima. Sabata imeneyo ana anga anapima mabenchi, zitseko, mphaka wa pasukulu ndi mimba ya ahedi. Masamu sanakhozedwepo chotero chiyambire.

Koma nkhani imene anthu amaikamba mpaka lero ndi ya nduna. Olemekezeka a Ultan Prendiville anagula munda wa pamwamba pa gombe kuti amangepo nyumba yopumulirako pa tchuthi, ya zipinda zisanu ndi chimodzi, mbali ya kunyanja magalasi okhaokha. Lamulo limati wofuna kumanga aike chikwangwani pamsewu milungu isanu, pamalo poti wodutsa aliyense awerenge. Cha anduna chinakhomedwa kuseri kwa tchire, msinkhu wa bondo, chitayang'ana kunyanja. A Festy anachipeza tsiku lachiwiri. Analembera khonsolo kuti iwo achiwerenga atagona chafufumimba, ndipo kuti ena amene anachiona ndi nkhosa zitatu, zomwe sizinapereke maganizo. Pempho la anduna linabwezedwa kuti liyambirenso.

Ulendo wachiwiri chikwangwani chinaima pabwino, koma mphepo ya kunyanja inachizula n'kuchiponya m'ngalande. Tonse tinati a Festy akondwa. M'malo mwake tinawaona akuchitola, kuchipukuta, kuchikulunga m'pulasitiki n'kuchikhomanso ndi misomali yawo. Nditawafunsa chifukwa, anati munthuyo akufuna amugwetse iwo, osati mphepo.

Tsopano ndifotokoze chimene chinkawadya mtima, chifukwa sanali kudana ndi magalasi ayi. Pakati pa munda umenewo pamadutsa njira yopita ku manda akale a m'mphepete mwa nyanja. Galimoto sifikako. Maliro amanyamulidwa pamapewa, amuna asanu ndi mmodzi, atatu uku atatu uku, ndipo pakatikati pali mwala wosalala pamene amatula bokosi kuti apume. Akazi awo a Festy, a Nonie, anadutsa njira imeneyo zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, ndipo pambali pawo panasiyidwa malo. A Festy atakwera basi kukaona mapulani kukhonsolo, anapeza kuti mpanda wa anduna ukutseka njirayo. Njira ikanatsekedwa, iwo akanakagona ku manda atsopano, kuseri kwa tchalitchi, pafupi ndi poimika magalimoto. Ankati sangagone n'kumamvetsera anthu akulephera kubwerera m'mbuyo ndi galimoto, a Nonie akuwadikira kunyanja.

Analemba kalata yotsutsa ya masamba khumi ndi anayi. Anduna, amene anali munthu wodziwa kuseka ndi mano onse, anabwera okha kunyumba kwa a Festy ndi botolo la wiski. Ine ndinalipo, ndinali nditawabweretsera buledi. Anduna anayamikira tiyi, anayamikira galu, anayamikira chithunzi cha a Nonie, kenako anati iwo ndi munthu wa anthu, ndipo asiya kanjira ka mita imodzi m'mbali mwa mpanda.

"Mita imodzi imakwana wamoyo," anatero a Festy. "Ine ndikunena za akufa."

"Madala, akufa savota," anduna anatero akuseka.

"Kuno amavota, bwana. Mukuganiza kuti chaka chija munapambana bwanji?"

Botolo analandira, koma kalata sanaibweze.

Khonsolo inatumiza munthu kudzaona malowo. Anali Dervla Hession, mtsikana amene ndinamuphunzitsa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, wakhama, wa zilembo zokongola, amene akafuna kuseka m'kalasi ankaluma mlomo wa m'munsi. Tsiku limene anabwera, Lachiwiri, anthu a anduna anali atakhoma zikhomo ndi kumanga zingwe ziwiri, zotalikirana mita imodzi, kusonyeza kanjira kaja. Anduna anali pomwepo ndi wojambula mapulani wawo. Theka la Rosmoyle linali litatsamira khoma la pamsewu. A Festy okha ndi amene sankaoneka, ndipo anduna anayamba kumasuka.

Kenako tinamva mapazi. Kuchokera kumsewu kunkabwera maliro. Patsogolo panali a Malachy Faherty, amene amagulitsa mowa kumaso kwa nyumba yawo ndi mabokosi a maliro kuseri, atavala chipewa chawo chakuda cha ntchito. Kumbuyo kwawo amuna asanu ndi mmodzi a masuti akuda, onse ana anga akale a kusukulu, atasenza bokosi lonyezimira, akuyenda pang'onopang'ono.

Wandale wa kwathu angaphonye msonkhano, angaphonye ubatizo wa mwana wake, koma maliro saphonya. Anduna anavula chipewa nthawi yomweyo, nkhope n'kugwa. Anasendera kwa ine n'kundinong'oneza kuti wamwalira ndani, ndipo banja lake ndi lalikulu bwanji. Ndisanayankhe, anali atayamba kale kugwira anthu chanza m'mbali mwa khoma, akupepesa aliyense. Anapepesa ngakhale woyendetsa galimoto yawo.

Onyamula aja anafika pa zingwe. Awiri akutsogolo anayesa kulowa, mapewa n'kukana. Anayesa chammbali ngati nkhanu. Anapanikizana mpaka makutu kukhudza bokosi, wina n'kuponda mnzake, wina chingwe n'kumukola mwendo, ndipo wamtali kuposa onse anakhala pansi pa minga. Bokosi linapendekeka. Amayi ena anayamba kupemphera. Pamenepo chivundikiro chinatukuka pang'ono, n'kutuluka dzanja lili ndi tepi.

"Gwira uko, Malachy," anatero mawu a m'bokosimo. "Kokera mpaka paphewa la wakumanjayo. Ndi zingati?"

"Awiri ndi theka."

A Festy anadzuka n'kukhala tsonga, atavala suti yawo ya ukwati, tsitsi atapesa bwinobwino.

"Mamita awiri ndi theka, Dervla mwanawe. Lemba. Ndipo ine ndine wowonda."

Anduna anakhala pansi pa udzu wonyowa, chipewa chili pachifuwa. Wojambula mapulani tinamupeza pambuyo pake ali m'galimoto, atakhoma zitseko zonse. Dervla analemba m'buku lake ataluma mlomo mpaka kuyera, ndipo ine ndinayang'ana kumbali, poti ndikanakumana naye maso tonse tikanaphulika. A Festy anakana kutsika. Anati poti ulendo auyamba kale, anyamatawo apitirize mpaka pamwala wopumira kuti azolowere, ndipo njira yonse ankawadzudzula kuti akugwedeza. Madzulo ake kwa a Malachy anthu ankawagulira mowa omwalirawo, iwo akudandaula kuti pilo wa m'bokosi ndi wolimba.

Patapita milungu ingapo chilolezo chinatuluka. Nyumba inaloledwa, koma ndi mfundo yakuti njira ya kumanda ikhale yotsegula nthawi zonse, mamita awiri ndi theka m'lifupi. Chipinda chodyera cha anduna chinachepa ndithu, ndipo akuti alendo akachuluka ena amadyera pakhonde. Pomanga mipanda mbali zonse ziwiri za njirayo a Festy ankafika m'mawa uliwonse amisiri asanafike. Ankapima, kulemba, kenako n'kutsetsereka kumanda kukauza a Nonie mmene ntchito ikuyendera.

Anamwalira mu Malichi chaka chatha, pampando wawo, chikhoti chachikasu atavala kale kuti atuluke. Anawanyamula anyamata omwe aja. Anduna anabwera kuchokera kulikulu ku Dublin, anaima pakona ya mpanda wawo chipewa chili m'manja, ndipo bokosi likuyandikira anaweramira kwa a Malachy n'kufunsa chapansipansi ngati ulendo uno atsimikiza. Tinaseka misozi ili m'maso. Pamwala wopumira anduna anavula jekete n'kupempha kuti alandire phewa limodzi, ndipo anawalola. Bokosi linadutsa pakati pa mipanda iwiri osakhudza paliponse. Ndinaona onyamulawo akuyenda mosamala kwambiri, ngati akuopa kudzudzulidwa.

Masiku ano zikwangwani zimaima pamageti n'kufufuma ndi mvula popanda woziwerenga. Ansembe awonjezeranso khitchini yawo ndipo palibe wanena kanthu. Basi ya sukulu ikamadutsa m'mawa, ndimapezeka ndikuyang'ana m'mbali mwa msewu kufuna chikasu chija. Tepi anaisiyira sukulu yathu, ndipo imakhala m'dirowa yanga. Chaka chilichonse nyengo yofunda ikafika ndimatenga kalasi yanga kutsetsereka nayo kumanda akale, ana n'kugwira uku ndi uku pakati pa mipanda ija, n'kulemba m'makope mwawo. Ndi mamita awiri ndi theka, ndipo a Festy agona pambali pa a Nonie.