Apongozi Safupa mu Envelopu

Lolemba

Mvula. Ku Maryhill, ku Scotland kuno, imeneyo si nkhani.

Nkhani ndi sitima. Yapamadzi, yaikulu, ya anthu okapuma. Inyamuka Lamulungu madzulo padoko la Greenock, sabata yathunthu kuzungulira zilumba za kuno. Okwera: apongozi anga onse awiri, a Nyoni ndi mayi, amene anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzatichezera. Wolipira: ine mkamwini. Ndilembe ndi zilembo zazikulu poti palibe wina adzalembe: INE.

Ndi mphatso ya zaka makumi anayi ali m'banja. Ndalipira chipinda, chakudya, tiyi, ndi tipi yomwe, kandalama kaja kofupa okutumikira. Eni sitima amadula okha tipi ya antchito tsiku ndi tsiku, ufune usafune, n'kugawira ophika, oyala mabedi, ndi otsuka mbale amene sudzawaona nkhope. Yonseyo ndalipiriratu. Cholinga changa ndi chimodzi: apongozi asapise m'thumba sabata yonse. Akhale pansi, atumikiridwe, abwereko atanenepa, akasimbe ku Ntcheu kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu.

Ndondomeko ya sabata ino (ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndondomeko ndimazikonda):
1. Kuwafotokozera kuti tipi yalipidwa kale.
2. Kuwafotokozeranso.
3. Zikakanika, kupemphera.

Vuto laling'ono: mkamwini sauza apongozi chochita. Ndiye ine ndikuuza akazi anga mayi a Tadala, mayi a Tadala akuuza bambo awo, tonse tili patebulo limodzi, ine maso pambale.

Vuto lalikulu: a Nyoni akhala emusi wa maukwati kuyambira ine ndisanamere ndevu. Perekaniperekani ndiwo munda wawo. Ndi munthu amene ankatha kuitana amalume ouma manja mobwerezabwereza mpaka atafupa ndalama ya basi yobwerera kwawo.

Amvetsera zonse. Aika supuni pansi. "Nanga mwana woyala bediyo adziwa bwanji kuti wathokozedwa ndi a Nyoni?"

"Ababa, imagawa ndi kompyuta."

"Oo."

"Oo" ameneyu ndinamumva komaliza pachinkhoswe chathu, ndipo nkhuku zinawonjezeka.

Lachiwiri

Ndikugwirira ntchito kunyumba, kutanthauza kuti sindikugwira. Mayi a Tadala ali kuofesi. Mkhalapakati palibe, ndiye apongozi aima pakhomo la chipinda changa, atsokomola, n'kumafunsa khoma. Ine ndikuyankha khoma lomwelo.

Mafunso a lero:
– Kompyutayo imatchula maina?
– Imayambira akuchimuna kapena akuchikazi?
– Wakhama ndi waulesi amalandira chimodzimodzi? (Ndauza khoma kuti mwina. Khoma lausa moyo.)
– Nyimbo amaika nthawi yanji?

Chigamulo: "Ndalama yodula okha sikuthokoza kumeneko. Umenewo ndi msonkho."

Apongozi aakazi nawo ali ndi yawo. Amva kuti woyala bedi atha kukhala mwamuna. Mwamuna! Kuchipinda kwawo! Ine amene m'nyumba mwanga momwe sindipondako, moti babu itapsa anakwera okha pampando kukasintha. Alongedza tsache m'sutikesi. Aziyala okha, azisesa okha, mwana wa eniyo akabwera azingopeza tiyi.

Ndiye kuti ndalipira tipi ya munthu wokamwa tiyi.

Chabwino, ndibwerere pang'ono, wankhondo wanzeru amatero. Ndawerenga kuti okwera ena, pamwamba pa tipi yodulidwayo, amaika kangachepe mu envelopu tsiku lotsiriza n'kupatsa amene wawasamala bwino. Mwakachetechete, popanda woona. Ndatulutsa maenvelopu oyera, ndawaika pafupi ndi Baibulo lawo. Sukulu ndi yabwino, anthuni!

Lachitatu

Envelopu yafa.

"Envelopu ndi ya chipepeso," auza khoma. "Kapena ya ziphuphu. Kodi pa sitimapo pachitika maliro?"

Kenaka phunziro, laulere. Kufupa kuli ndi mwambo wake. Umamutchula munthu dzina, ndi mfunda wake ngati ukuudziwa. Umanena chimene wachita, anthu akumva. Nyimbo ilire. Ndiye uziponya imodziimodzi, osati zonse pakamodzi ngati ukutaya zinyalala. "Ndalamayo ndi kanthu kochepa. Chachikulu n'choti anzake aone kuti waonedwa."

Apa ndatulutsa mkondo umene ndinasunga. Kwathu paukwati pamakhala tebulo la akeshiya, kuphwanya ndalama yaikulu kukhala timapepala tambirimbiri toti uvine nato nyimbo yonse. Kuno pepala laling'ono ndi la mapaundi asanu. Kutsika apo ndi zitsulo zokhazokha. Ndaika kobili la paundi imodzi patebulo, lolemera ngati mwala wa legeni.

Alinyamula. Aliyesa kulemera. Aliponya mwaluso lawo lija, dzanja m'mwamba, phewa likugwedera.

Phwa! Galasi la chithunzi chathu chaukwati. Mng'alu wadutsa pankhope yanga yokha, ya mayi a Tadala ili bwinobwino.

"Ichi chingachotse diso mwana wa eni."

Ndapambana!

Koma tiyi sanamalize. Nkhani za pa TV, zimene amakonda kukangana nazo, sanaonere. Angokhala pazenera kuyang'ana ngalande ya madzi, manja ali pamaondo. Kupambana kwanga kukukoma ngati phala lopanda mchere.

Lachinayi

Wandipereka mzungu.

Mayi Moira, a khomo loyang'anizana ndi lathu. Amasiye, anapuma ntchito yophikira ana asukulu, ndipo sitima zotere amakwera chaka ndi chaka ndi mng'ono wawo. Ndawaitana ine mwini kudzamwa tiyi, kuti akhale mboni yanga. Ndagula ndi masikono omwe.

Poyamba zikuyenda. Inde tipi amadula okha. Inde palibe chodandaula. Ine ndikugwedeza mutu ngati dikoni.

Kenaka apongozi, m'Chingerezi chawo cha kumishoni chokhala ndi tayi, ayamba kufotokoza perekaniperekani. Maso a mayi Moira ang'anima. Akuti ali mwana, m'misewu yomwe ino, bambo wa mkwatibwi ankamwaza makobili pazenera la galimoto popita kutchalitchi, ana a mumsewu onse n'kumalimbirana pansi, zigongono ndi maondo magazi okhaokha. Akweza siketi pang'ono kutionetsa chipsera pabondo. Chipsera chaukwati wa eni!

Apongozi aakazi aomba m'manja. "Kani ndinu anthu ngati ife!"

Sizinathere pomwepo. Apongozi adandaula za makobili ochotsa diso. Mayi Moira akuti aa, bwanji osafunsa pepala la paundi imodzi? Banki ina ya kuno ikadali nawo, kungoti anthu anaiwala. Iwo amaikira zidzukulu m'makhadi a tsiku lobadwa. Atuluka, abwera nalo.

Ndakhala kuno zaka zonsezi osaliona. Labwera lero, m'nyumba mwanga, nditagula ndekha masikono.

Apongozi aliunika pazenera. Alikhwethemula ndi chala. Aliponya m'mwamba. Latsika pang'onopang'ono, likupendama uku ndi uku ngati tsamba, n'kutera pa kapeti popanda phokoso.

"Iyi ikudziwa kuvina."

Tiyi amaliza, apemphanso wina.

Lachisanu

Ndapempha tchuthi kuntchito. Chifukwa chimene ndalemba: za m'banja. Si bodza.

Apongozi avala suti, tayi, chipewa, nsapato zopolisha ngati akukaonekera kwa a DC. Tili m'tauni kusaka mapepala a paundi imodzi. Koyamba, mtsikana wa pakauntala akuganiza kuti tikuseka. Kwachiwiri, kulibe ndi kauntala yomwe, makina okhaokha, apongozi awapatsa moni makinawo mwachipongwe. Kwina tapeza mayi wachikulire amene wamvetsera nkhani yonse ya lichero ndi nthungululu, mzere ukukula kumbuyo kwathu, n'kulowa kuseri. Watuluka ndi kamtolo.

Ine, mwachizolowezi, dzanja ku khadi langa.

Andigwira pamkono. Apongozi! Kundigwira ine! Chikwatirire mwana wawo sizinachitikepo.

Apisa m'kati mwa jekete, mmene mayi anasokeramo kathumba. Ndi ndalama za kachewere amene anagulitsa asananyamuke ku Ntcheu, anazisintha okha osauza munthu. "Yanu ija ndi ya boma la pa sitima," akuuza kauntala. "Iyi ndi ya a Nyoni."

Pobwerera ndayesa njira ina. Ndauza chiwongolero kuti ndinaimbira eni sitima, akuti munthu akafuna atha kukachotsetsa tipi yodulidwa ija, ndiye tisalipire kawiri. Ayankha galasi lakutsogolo kuti ayi, isachotsedwe. Otsuka mbale a pansi aja, amene sadzatuluka kudzavina, adye chiyani? Msonkho ukhale. Kuthokoza kukhalenso.

Ndanenanso kuti antchitowo ndi ochokera kutali, mapepala amenewa kunja kwa Scotland mwina sakawalandira m'sitolo.

"Za paukwati wanu munagulira chiyani, mukukumbuka? Koma amene anavina mukuwakumbuka."

Ndangoyatsa mawaipa.

Kunyumba ndapeza:
– lichero patebulo (linali pamwamba pa wadirobu chibwerere, ine osadziwa)
– kasipika kanga ka nyimbo m'sutikesi mwawo, kobwereketsa mayi a Tadala
– mayi a Tadala akundiyang'ana ngati sanachite kanthu

Mdani ali m'nyumba!

Loweruka

Kuyeserera. M'chipinda chochezera, mipando kukhoma. Maikolofoni ndi rimoti ya TV. Keshiya ndi mayi Moira, avala ndi chitenje chomwe, chammbali. Nyimbo akuika Tadala, mwana wathu, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi cha kuno chimene ngakhale agogo ake a kumishoni amangoti "eya". Antchito onse a pa sitima ndi ine, thaulo pamkono.

Lero ndakhala:
– woyala bedi amene sanayale bedi
– woperekera supu
– wophika (ndaitanidwa kawiri, kachiwiri chifukwa cha nsomba)
– munthu wotsegula chitseko

Ndapereka malamulo awiri kudzera kwa mayi a Tadala. Loyamba: asachite zimenezi m'chipinda chodyera anthu onse ali pomwepo. Lachiwiri: asamate ndalama pamphumi pa munthu wonyamula supu. Lachiwiri lavomerezedwa.

Koma mawu aja! Rimoti ikangofika pakamwa, mkulu uja amene wakhala akuyenda monyang'ama m'nyumba muno, kupempha ndi madzi akumwa omwe, watha. Waima wina, chifuwa patsogolo. "Tsopaaano, akuchikazi khalani pansi, tione a kukhitchini!" Mawu amene ndinawamva tsiku laukwati wathu, akundikolopa ndalama zonse za m'thumba ine ndikusekerera.

Kukhitchini, tikutsuka makapu, mayi a Tadala osandiyang'ana: "Bambo a Tadala, chibwerere ababa sanagulepo ngakhale buledi. Akati apise m'thumba, inu mwalipira kale. Mumawakonda, ndikudziwa. Koma munthu wongolandira amachepa."

Ndatsuka kapu imodzi nthawi yaitali.

Mapepala onse atoleredwa. Apongozi aakazi akuwasita limodzilimodzi, ayironi yofunda pang'ono, kuti akafike pa sitima aulemu.

Lamulungu

Kutchalitchi m'mawa. Apemphereredwa pamodzi ndi nyanja, woyendetsa sitima, ndi lichero limene lili m'jumbo pansi pa benchi.

Greenock. Mvula yobwera chammbali. Sitimayo ndi msewu wathu wonse wa ku Maryhill utayandama. Ndanyamula masutikesi awiri, jumbo, ndi tsache lokulunga m'chitenje ngati mwana. Mzere wa okwera ndi azigogo a kuno okhaokha, majekete amvula, kuyankhulana motsitsa.

Tafika pamene operekeza amabwerera. Ndaika katundu pansi, ndagwira m'manja, ndayang'ana nsapato zanga. Muyende bwino, bambo. Muyende bwino, mayi.

Avula chipewa, apatsira mayi. Atsokomola. Ndazindikira mochedwa.

"Tsopaaano! Tisanakwere, tiitane a Phiri! Mkamwini wa kwa Nyoni! Amene anatitenga ku fumbi la ku Ntcheu kudzatiyendetsa pamadzi! Amene walipira bedi, walipira nsomba, walipira ndi msonkho womwe! A Phiri abwere pakati, anthu awaone!"

Osati kuuza khoma. Akundiyang'ana m'maso.

Nthungululu ya apongozi aakazi yadzutsa mbalame zonse za padoko. Mayi a Tadala akuomba m'manja. Tadala wabisala kuseri kwa sutikesi. Mzere wonse watembenuka.

Ndavina. Ndilembe, poti zachitika. Munthu wa digiri, wa ndondomeko, ndavina pamvula ku Greenock popanda nyimbo, mapepala a kachewere akutsika limodzilimodzi. Lina apongozi alimata okha pamphumi panga, mvula yaligwira. Mkulu wina wa mumzere, poona kuti ndiwo mwambo wake, wandiika kobili m'manja n'kundisisita paphewa.

Otsalawo atoleredwa, abwerera m'lichero. Ntchito ikadali kutsogolo. Akwera, bambo patsogolo, chifuwa chija, mayi pambuyo ndi tsache.

Kunyumba kuli zii. Palibe wotsokomola pakhomo. Ndayesa kufunsa khoma ngati likufuna tiyi.

Madzulo uthenga pafoni ya mayi a Tadala. Afika bwino, chipinda n'chabwino, woyala bedi ndi mwamunadi ndipo wamwa kale tiyi. Apongozi akufunsa mkamwini, poti ndi wophunzira: woyendetsa sitimayo mfunda wake ndani, ndipo angasiye chiwongolero kwa nyimbo imodzi?

Ndati awayankhe kuti mfunda ndifufuza. Nyimbo asankhe yaifupi.

Paundi yanga ili pa hita, ikuuma. Sindigulira kanthu.