Mlatho wa pa Mtsinje wa Lero

M'dziko la Mbalaliko munali lamulo limodzi limene ngakhale mwana wongosiya kumene kuyamwa ankalidziwa: munthu akabwera ndi malonje, wolandirayo atule pansi chilichonse chili m'manja mwake, amuyang'ane mlendoyo kumaso, ndipo pamapeto abwereze mawu ake onse kuti mwini mawu atsimikize kuti amveka. Lamuloli linalembedwa pakhoma la bwalo lachifumu ndi zilembo zazikulu zoti ndi wakhungu yekha amene akanaziphonya. Pansi penipeni pa zilembozo ndi pamene a Ndamvakale, Nduna Yolandira Malonje, analiphwanya Lachiwiri lina masanasana.

Gwero la zonsezi linali zigoba za nkhono zimene amalonda anabwera nazo kuchokera kutsidya kwa nyanja yamchere. Munthu akaika chigoba kukhutu ankamva zochitika za kumaiko akutali: ukwati wa anthu osawadziwa umene watha, galu amene wavina pamsika wa kwina, mkangano wa mafumu amene sadzawaona mpaka kufa. Mfumu yaikulu Mtimakwina Wachitatu inali ndi zigoba ziwiri, khutu lililonse chake, ndipo inkatamandidwa kuti ndi yodziwa zonse, ngakhale kuti maina a ana ake omwe inkawasokoneza. Amayi ankapsereza ndiwo ali chikhalire pamoto pomwepo, alimi ankapalira mizere ya anansi awo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo m'nyumba ya siwa sichinali chachilendo kumva munthu akuphulika ndi phwete.

Tsiku limenelo kunabwera bambo wina wa imvi, amene anagwada naomba m'manja monga mwa mwambo. "Olemekezeka a Nduna, ine ndine Masopansi, mlonda wa mlatho wa pa mtsinje wa Lero. Ndabwera ndi mawu olemera. Chiswe chadya mizati inayi mwa isanu ndi umodzi. Ndaigogoda ndi chala, ikulira ngati ng'oma. Munthu mmodzi angathe kuoloka, koma khamu ayi. Ndapota nanu, Loweruka mfumu ndi anthu ake asapondepo." Atatero anatula patebulo kachidutswa ka mzati, ndipo kanafumbutuka ngati ufa.

A Ndamvakale anali akumvetsera nkhani ya mbuzi ina ya kutali imene inameza chisoti cha woweruza milandu. Anagwedeza mutu mwaulemu wonse nati, "Takondwera kumva. Pitirizani ntchito yabwinoyo."

"A Nduna, simunabwereze mawu anga."

"Ndamva kale, bambo, ndamva kale. Mukapereke moni kunyumba." Anasasa fumbi limene linagwera pa mkanjo wawo, osafunsa kuti lachokera kuti.

Loweruka limenelo linali Tsiku la Bata. Mfumu inali itamva m'chigoba chake chakumanzere kuti m'maiko a anthu anzeru muli chizolowezi chokhala duu, munthu n'kumamvetsera kupuma kwake, mtima uli pamene pali thupi. Posafuna kutsalira, inalamula kuti mtundu wonse uoloke mtsinje wa Lero pa mdipiti, ukakhale chete padambo la tsidya lina. Patsogolo panali ngolo yokankhidwa ndi amuna asanu ndi atatu, itanyamula fano lamwala la mfumuyo itatsinzina mwabata. Pambuyo pa ngolo panali namwali wosenza mtsuko wa madzi a madalitso, ndipo ulemu umenewu unagwera Dekhani, mwana mmodzi yekhayo wa a Ndamvakale. Pambuyo pake ndiye mfumu pa machila, nduna, oimba ndi chinamtindi cha anthu, aliyense dzanja lili kukhutu.

Atafika m'mbali mwa mlatho, mwambo unafuna kuti nduna imodzi ionetse chitsanzo, ndipo maere anagwera a Ndamvakale. Anaika chigoba chawo m'lichero monyinyirika, ngati munthu amene akupereka mwana wake kwa adani, naima kuti apume kokwanira makumi awiri. Pa kupuma kusanu koyamba dzanja lawo linkangothamangira lokha kukhutu. Pofika kakhumi anamva mkokomo wa mtsinje umene anauoloka zaka makumi anayi osaumva, ndi fungo la dothi lonyowa. Anaona Dekhani, nadabwa kuti mwanayo anatalika liti chotere, ndiponso kuti chipsera chili pachibwano chakecho anachipeza kuti. Pa kupuma kwa khumi ndi kasanu anamva kaphokoso kochokera m'mizati ya mlatho, konga mvula yowaza pa udzu wouma. Pamenepo mawu a Masopansi, amene anakhala akudikira pakhomo la khutu lawo masiku anayi, analowa onse nthawi imodzi: mizati inayi, khamu ayi.

Kupuma kusanu kotsalako sanakumalize. Woimba lipenga anali ataliza kale chizindikiro chonyamukira, osadikira, pakuti naye sankawerenga. Okankha ngolo anaifikitsa pa mtsetse wolowera pamlatho, koma nthawi yomweyo zigoba zonse zinayamba kunena za mbuzi ija, kuti tsopano yalavula chisoti. Amuna asanu ndi atatuwo anasiya ngolo kuti agwiritse zigoba ndi manja awiri, ndipo inatsetsereka yokha. Dekhani anaitsatira, phazi limodzi lili kale pa thabwa loyamba.

"Dekhani, mwana wanga, ima pomwepo!"

M'khamu lonselo ndi iye yekha amene anamva, chifukwa manja ake onse awiri anali pa mtsuko ndipo makutu ake anali opanda kanthu. Anatembenuka modabwa. "Ababa, mwanditchula dzina?" Onyamula machila anaima chifukwa anagunda mtsikanayo, nduna zinaima chifukwa zinagunda machila, ndipo mtundu wonse unaima mogundanagundana mpaka kumapeto. Ngolo itafika pakati, mizati inathyoka, ndipo fano la mfumu linagwera m'madzi chadodolido, likadali chitsinzinire mwabata.

Palibe amene anacheuka. Patapita kanthawi zigoba zinayamba kufalitsa nkhani yatsopano: m'dziko lina mlatho wagwa pa tsiku la chikondwerero, chifukwa nduna ina inachenjezedwa koma sinamvetsere. Khamu linafa nalo phwete. Mfumu inakweza dzanja pa machila nilankhula mokweza: "Anthu anga okondedwa, mwamva za mtundu womvetsa chisoniwo? Tiyamike kuti ife a Mbalaliko tili ndi lamulo la malonje, ndipo tili ndi Tsiku la Bata. Ndikanakonda kuiona ndi maso nduna yopusayo."

A Ndamvakale anavula mkanjo wa unduna, naugoneka pafumbi. Anagwira dzanja la Dekhani, nagwada pamaso pa machila. Masopansi anali chiimire pambali, chipewa chili m'manja.

"Mfumu yanga, ndi inu nonse eni dziko, dziko limenelo ndi lino, mtsinje wake ndi uwu uli kumapazi kwanuwu, ndipo nduna yopusayo ndine. Lachiwiri bambo awa anagwada pamaso panga nati: chiswe chadya mizati inayi mwa isanu ndi umodzi, munthu mmodzi angathe kuoloka koma khamu ayi. Ndikubwereza mawu awo lero, mlatho utagwa kale. Thupi langa linali pampando, ine ndinali kwa mbuzi ya eni ake. Ndikanapha mwana wanga, ndikanapha inu nonse. Ndalakwa, ndiweruzeni."

Mfumu Mtimakwina inawayang'ana mokoma mtima, chigoba kuno chigoba uko, nigwedeza mutu.

"Takondwera kumva, a Nduna. Pitirizani ntchito yabwinoyo."