Galimoto ya Atate Inanyamuka Chobwerera

Anthu ena a m'komboni yathu ya Linda akandiona mpaka lero amayamba ayenda chafutambuyo masitepe awiri, kenako n'kundipatsa moni. Sindikwiya. Ndinazichita ndekha, dzuwa lili pamutu, pamaso pa abale, abusa ndi azimayi a mpingo atavala yunifomu. Ndiye bola ndiifotokoze ndekha nkhaniyi, chifukwa ena akamaifotokoza amaikamo mbuzi yakufa, pomwe mbuzi panalibe.

Ine ntchito yanga ndi yosema. Ndimasema mvuu ndi njovu n'kumagulitsa kwa alendo pa msika wa Mukuni Park. Sukulu ndinalekera giredi seveni. Za injini sindinaphunzire kwa munthu, ndinkangoonerera atate ndili mwana, ndikuwagwirira sipana.

Atate anali dalaivala wa mzungu wina wotenga alendo kukaona nyama. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira galimoto, ija yam'tchire yooneka ngati bokosi, tayala la sipeya pa boneti, imene ikafika pamchenga umakoka kandodo kakang'ono kuti matayala onse anayi akoke. Tauni yonse imati motoka, koma atate ankati galimoto, monga ankanenera agogo amene anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji. Loweruka ankaitsuka. Lamulungu amayi ankakhala kutsogolo atamanga duku, ife ana kumbuyo pa benchi yachitsulo, matako akupsa. Fungo la mkatimo, oilo ndi fumbi ndi sopo wa atate, ndikalimva penapake ngakhale lero ndimaima kaye.

Atate atayamba kudwala, galimoto inakwera pa njerwa pansi pa mtengo wa mango. Inakhala pamenepo zaka ndi zaka, nkhuku zikuikiramo mazira. Atate anamwalira. Amayi nawo mutu unayamba kuwathawa pang'onopang'ono. Masiku ena amandidziwa, masiku ena amandifunsa mwaulemu kuti ndine mwana wa yani. Koma madzulo aliwonse ankakoka kampando n'kukhala pafupi ndi chitseko cha galimotoyo, chikwama pamiyendo, ngati munthu amene wauzidwa kuti tinyamuka posachedwa.

Itakwana nthawi yomanga chiliza pamanda a atate, kunabwera mlongo wanga wamkulu, ba Esinati. Amakhala ku Lusaka ndipo ndi amene amalamula banja lathu (mlamu wanga akhoza kuchitira umboni, akaloledwa kulankhula). Anazungulira pabwalo kamodzi, n'kuima pamtengo wa mango.

"Ichi chisikirapu chichoke. Balendo bazankala kuti? Nizaitana banyamata ba gasi bachidule-dule."

"Ba sisi, ni motoka ya ba tate."

"Ba tate banayenda. Iyi ni nyumba ya nkuku."

Ndinayang'ana amayi ali pakampando kawo, chikwama pamiyendo. Mawu anangotuluka okha ndisanawaganizire.

"Nipaseni mpaka siku ya chiliza. Ikanyamula amayi kubafikisa kumanda, isala. Ikakangiwa, muidule, sinizakamba kantu."

"Iwe? Wosema mvuu?"

"Ine."

Anaseka, koma anavomera. Panali miyezi isanu.

Ndinayamba kupita kwa ba Sitali, amene ali ndi malo a sikirapu kuseri kwa njanji. Kumeneko magalimoto akufa amagona mounjikana, udzu ukumera m'mawindo, abuluzi akuothera dzuwa pa maboneti. Ba Sitali ali ndi yankho limodzi lokha. Ukawaonetsa chitsulo chako chothyoka, amakutolera china chilichonse chapafupi n'kunena kuti, "Ni chimozi-mozi, mudala." Ladiyeta ya lole, chimozi-mozi. Mpando wa minibasi, chimozi-mozi. Chitseko chofiira pa galimoto yobiriwira, chimozi-mozi. Ine ndinkawakhulupirira, chifukwa munthu wamafuta mpaka m'zigongono umaona ngati sanama.

Amene ankandithandiza ndi neba wanga ba Hamoonga, wowotcherera mageti ndi mabagilaba, zitsulo za m'mawindo zija. Patatha miyezi itatu injini inatsokomola, n'kulira. Utsi unadzaza bwalo, nkhuku zinathawira kwa aneba. Amayi anatuluka m'nyumba mofulumira kuposa mmene ndinawaonera chaka chonsecho.

"Abwera?" anafunsa.

Ndinayang'ana pansi, ndikunamizira kufufuza sipana imene inali m'manja mwanga.

Tsopano apa ndi pamene ndinalakwira, mumvetsere bwino. Kumbuyo kwa galimoto kuli ekiselo, chitsulo chachikulu chija chogwira matayala awiri. Chili ndi chimutu ngati dzungu, pamene pamalowa shafuti yochokera ku injini kuti izungulitse matayala. Ya atate mano ake am'kati anali atatha. Ba Sitali anandipatsa ya galimoto yamtundu wina (mukudziwa kale zimene ananena), ndinaikokera kunyumba pa wilibala. Poyesa kuika, ndinapeza kuti dzungu lake lili chakumanzere, pomwe shafuti yanga imabwera chakumanja. Sizikukumana.

Ndinakhala pansi n'kuganiza. Ife osema, mtengo ukakana mbali iyi sulimbana nawo, umangoutembenuza, mvuu imatuluka mbali inayo. Ndiye ndinati bwanji ekiseloyo ndiigadamike, mimba iyang'ane kumwamba? Nditaigadamika, dzungu linabwera kumanja, ndendende pamene shafuti imafikira. Ndinadziona kuti sukulu inataya munthu.

Ba Hamoonga anakanda mutu. "Muli shuwa, ba neba? Ine nimaocha chabe, vamukati siniziba."

"Ochani. Ni monga mtengo."

Anawotcherera. Tsiku la chiliza litatsala pang'ono, matayala tinapeza, galimoto inatsika pa njerwa. Ba Hamoonga anati, "Manje tiyeseko, tizungulukeko chabe apa pa maliketi." Ine ndinakana. Atate akakonza galimoto, ulendo woyamba unali wa amayi, sankalola munthu wina kukwera. Ndinkafuna kuti tayala likamagudubuka koyamba patatha zaka zonsezi, amayi akhale ali m'katimo. Ngakhale giya sindinaikepo. Ndinkangoliza injini m'mawa uliwonse, n'kuizimitsa, n'kupukuta galasi.

Tsiku linafika. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kwa kuno mumakudziwa. Abale anachokera ku Lusaka ndi ku Choma. Minibasi yotenga anthu inaima kunja kwa geti, koma palibe anakwera, onse ankafuna kuona kaye. Akazi a ba Hamoonga anali ataphika chibwantu, thobwa lija la Atonga, chidiramu chodzaza choti anthu adzamwe pobwera kumanda. Anachiika kumbuyo kwa galimoto pamthunzi, poti galimoto ikupita kutsogolo. Munthu aliyense wanzeru akanachiika pamenepo.

Ndinavala jekete la atate (manja ake amandilekera pamwamba pa wotchi). Ndinatsegulira amayi chitseko chofiira chija, anakwera okha, duku lili pamutu, chikwama pamiyendo. Abusa anapemphera. Ndinaliza injini, ndinaika giya yoyamba, maso pa geti, n'kusiya kilatchi pang'onopang'ono monga ankachitira atate.

Geti linayamba kutalikira.

Ndinaganiza kuti ndi chizungulire, poti m'mawa sindinadye. Kenako kumbuyo kunamveka phokoso, chidiramu chinagwa, chibwantu chinayenda pabwalo ngati mtsinje, azimayi akukweza zitenje. Ndinaponda mabuleki. Ndinati mwina ndalakwitsa giya. Ndinaika yachiwiri. Galimoto inabwereranso m'mbuyo, koma tsopano mothamanga, mpaka inakalowa mu mpanda wa maluwa wa aneba.

Pamenepo munthu wanzeru akanazimitsa injini. Ine ndinakumbukira kandodo kakang'ono kaja. Ndinati matayala onse anayi akagwirizana, galimoto singakane. Ndinakakoka, ndinaika giya yoyamba, ndinaponda mafuta. Matayala akutsogolo anayamba kukokera ku geti, akumbuyo akukokera kwa aneba. Galimoto sinapite kulikonse. Inangobuula, ikuponya mchenga mbali zonse ziwiri, wina pa suti ya abusa, wina pa yunifomu zoyera za azimayi, iyo ikumira pang'onopang'ono mpaka mimba inagunda pansi. Kenako pansipo panathyoka chinthu, shafuti yakutsogolo inagwera pamchenga. Matayala akumbuyo anapambana.

Ndinazimitsa. Abusa ankalavula mchenga mwaulemu, chakumbali.

Ba Esinati anafika pawindo langa. Sanakweze mawu, bola akanakweza.

"Wasiliza?"

Anazungulira mbali ya amayi n'kutsegula chitseko. "Amayi, tiyeni mukwele basi."

"Ine sinditsika," anatero amayi, maso ali kutsogolo. "Sitinafike."

Anawanyengerera ba Esinati, anawanyengerera azakhali, anayesa abusa. Amayi anangogwiritsa chikwama. Ine mutu unali pa chiwongolero, ndikuona kale moto wabuluu wa anyamata a gasi ukudula boneti, ndi kampando ka amayi kali pambali pa njerwa zinayi zopanda kanthu.

Ba Hamoonga anagogoda pa chitseko. "Ba neba, nifunseko. Ngati fesiti iyenda kumbuyo, livesi iyenda kuti?"

Azimayi a mpingo ndi amene anatikankha kutichotsa m'dzenjemo, akuimba nyimbo yokokera mphamvu, ena akuseka mpaka misozi. Ndinaika livesi. Galimoto inalunjika ku geti, mutu kutsogolo, ngati galimoto ya munthu wabwinobwino. Anthu anakwera minibasi n'kutsogola, ba Esinati akunena kuti adikira ola limodzi basi.

Kaya munayendapo mtunda wautali pa livesi. Liwiro lake ndi la munthu wopita kokapepesa. Kulira kwake ngati galu womangidwa. Anatipitirira bambo wa njinga atanyamula matumba atatu a malasha. Anatipitirira mayi wa beseni la tomato pamutu, ndipo anali ndi nthawi yotifunsa ngati tigule. Wa takisi wina anayenda pambali pathu n'kutsitsa galasi.

"Mudala, mukafika Khisimasi mubapaseko moni."

Thukuta linkatsika m'jekete la atate. Ndinkaopa kuyang'ana amayi. Koma titadutsa pa maliketi ndinamva akukankha windo. Anatulutsa chigongono panja monga ankachitira kale, n'kuyamba kutchula masitolo amene anatsekedwa ine ndisanamere ndevu. Apa tinagula makina osokera. Apa panali telala wa ku Dedza. Kenako anandigwira bondo.

"Bambo a Esinati, lero mukuyendetsa bwino. Masiku onse mumathamanga ngati mwaba."

Ndinakhosomola. Sindinadziwe kuti ndiyankhe ngati ndani.

"Ndipo mwana wanu wamwamuna uja musamamukalipire za sukulu," anapitiriza. "Msiyeni azisema mitengo yakeyo. Manja ali nawo. Mutu ndi umene watengera kwanu."

Msewu unayamba kuoneka ngati uli m'madzi. Ndinapukuta maso ndi dzanja la jekete, ndinati, "Ndamva."

Tinafika pa geti la manda patadutsa ola ndi theka. Ola la ba Esinati linali litatha, koma anthu onse anali pamthunzi wa mtengo umodzi, akutiyang'ana tikubwera kuyambira kutali (tinawapatsa nthawi yokwanira). Ndinayamba kukhotera ku geti. Ndikangolowa apa, ndapambana, galimoto yatsala.

"Kuno tikudzatani?" anafunsa amayi. "Kulibe wathu kuno. Pitirirani."

Ndinayang'ana geti. Ndinayang'ana ba Esinati ataima manja m'chiuno. Ndinayang'ana amayi, nkhope ili mbee, mphepo yotentha ikugwedeza duku. Ndinawongola chiwongolero n'kupitirira.

Ba Esinati sanachite kuthamanga. Anangoyenda ndi nsapato zawo zazitali n'kutipeza. Anagwira windo la amayi, pakamwa patatseguka kale. Koma amayi anawatsogolera.

"Esinati, kwera kumbuyo, usawachedwetse atate ako. Ndipo ukhale bwino, diresi ilo lisadye oilo."

Mlongo wanga anayenda masitepe angapo atagwirabe windo. Anandiyang'ana, anayang'ana jekete. Kenako anavula nsapato, anaziponya kumbuyo, n'kukwera pa benchi yachitsulo ija, mayi wa ana anayi. Tinapita mpaka kumene msewu umathera. Amayi ankalankhula njira yonse. Potembenuka ndinaika giya yoyamba kuti ndibwerere m'mbuyo, ndipo ndinamva ba Esinati akuseka, kapena sikunali kuseka, sindinacheuke.

Chiliza tinachivundukula dzuwa litapendeka, amayi ali m'galimoto kunja kwa geti, akudikira kuti atate amalize zimene akuchita. Mwa pangano lathu ndinaluza, amayi sanalowe kumanda. Koma m'mawa mwake, ba Esinati akunyamula chikwama kupita ku siteshoni, anaima pamtengo wa mango.

"Banyamata ba gasi nabauza basabwele. Koma uitembenuze iyo nsimbi, usanapaye muntu."

Phunziro lake aliyense wandiuza kale: chinthu uziyesa usanaitane anthu, ndipo galimoto si mvuu. Ndavomera. Ba Hamoonga amandifunsa sabata iliyonse kuti ekiselo ija tiitembenuza liti, ine ndimati mawa. Zoona zake n'zakuti ikakonzeka izithamanga, ndipo kuchoka pakhomo kukafika kutchalitchi ndi mphindi zisanu zokha. Panopa timatenga theka la ola. Penapake m'njiramo, osati Lamulungu lililonse, amayi amatulutsa chigongono pawindo n'kuyamba kuwauza atate za ife. Ine ndimangogwira chiwongolero, a njinga azitipitirira.