Tsiku Limene Webusayiti Inandiulula kwa Asibweni

Pali anthu amene amagwidwa ndi apolisi, ena amagwidwa ndi agalu a eni nyumba. Ine ndinagwidwa ndi chinthu chimene ndinachipanga ndekha ndi manja angawa, ndipo ndinachita kuitanira anthu kuti adzaonerere.

Nthawiyo ndinali pa yunivesite ku Mzuzu, ndikuphunzira za makompyuta, ndikuchita lendi kachipinda ku Chibavi. Mzinda unali ukukula mochititsa mantha. Ukapita ku holide n'kubwerako, umapeza pamene panali tchire pamera loji ya mpanda wa njerwa. Imodzi mwa malojiwa, cha ku Ching'ambo, inali ya a Gondwe, mkulu wa mpingo, munthu wa mawu ochepa ndi nsidze zambiri. Iwowa anali asibweni ake a Tawonga (asibweni ndiye malume, ndikuuzeni inu akwathu ku Ntcheu), ndipo ndi amene ankamulera. Tawongayo anali chibwenzi changa, koma cha mseri kwambiri. A Gondwe anali atalengeza kale kuti akadzangomva fungo la mnyamata amene sanatumize thenga, munthu wamkulu wokalankhula za ukwati, mtsikanayo adzapita kwa azakhali ake ku Karonga tsiku lomwelo. Ngakhale chithunzi chake Tawonga anandiletsa kusunga mu foni.

Nzeru inachokera kwa iye. "Apangire webusayiti ya loji," anatero. "Akuzolowere kaye ngati mnyamata waulemu. Zinazo pambuyo."

Ndinaipanga, ndipo inakongola, musandilande. Munali zithunzi za zipinda, za dimba, za malo oimika magalimoto, komanso tsamba lina lotchedwa "Olandira Alendo," pamene panali Tawonga ataima pa kauntala akumwetulira. Chithunzicho ndinajambula ndine, asibweni ali pomwepo, ine nkhope ili gwa ngati ndikujambula thumba la simenti.

"Yewo chomene, a injiniya," anatero a Gondwe ataiona. "Kweni ndidziwa uli kuti anthu akulowamo?"

A injiniya! Ndinamva mutu ukukula. Ndinawauza kuti zimenezo n'zazing'ono. Pali pulogalamu yaulere, ya mtundu uja aliyense amaloledwa kuisuzumira m'kati n'kuisintha, imene imawerenga alendo a pa webusayiti: alowa angati, atsegula tsamba liti, nthawi yanji. Imatero poika kachizindikiro mu foni ya munthu, kamene timakatcha kuki. Koma aphunzitsi athu anali atatikhomerera kuti suika kuki mu foni ya mwini usanapemphe. Ndiye panafunika pulogalamu yachiwiri, yotulutsa kabokosi kofunsa "Inde" kapena "Ayi," ndipo ntchito yeniyeni inali kulumikiza ziwirizi kuti yowerenga ija izigona tulo mpaka munthu atadina "Inde."

Zinandisautsa, abale. Ndikakonza uku, yowerenga inkadzuka isanaitanidwe. Ndikakonza uko, inkagona osadzukanso. Tsiku limene zinagwirizana ndinavina ndekha m'chipinda mpaka a landilodi anagogoda kufunsa ngati ndalumidwa ndi linthumbu.

Mawu a m'kabokosi ndinalemba m'Chichewa chomveka, poti ndine munthu wachilungamo: "Tikufuna tizikutsatirani paliponse mungalowe muno, tidziwe zimene mukuona ndi nthawi imene mwakhalapo. Mukuvomera?" Ndinawawerenga n'kudziyamikira. Kenako ndinatenga foni yanga, n'kulowa ndi dzina langa monga woyang'anira webusayiti, n'kudina "Inde" kuti ndiyese. Zinatheka. Ndinawonjezanso kaluso kena koti ife ogwira ntchito tikalowa, dzina lizioneka, kuti tisasokonezeke ndi alendo enieni. (Kumbukirani kuti palibe anandituma zimenezi.)

Zotsatira zake sindinaziyang'anenso. Ndinkafuna tidzazione limodzi pa tsiku lotsegulira loji, ngati mphatso yokutidwa bwino. M'masiku odikirawo webusayiti inandipatsa chimene foni inkandimana. Ndikamusowa Tawonga, ndinkangotsegula tsamba lija, n'kupuma mpweya wabwino.

Tsikulo linafika, Loweruka masana, kunja kukuwaza kamvula ka ku Mzuzu kaja kosadziwa kalendala. Holo inadzaza ndi akuluakulu a mpingo, amayi a chitenje chofanana, ndi anzawo a bizinesi. Kutsogolo kunakhala a Yusufu, mkulu wa ku Mangochi wa sitolo ya zomangira m'tauni, amene anawagulitsa a Gondwe malata onse a lojiyo. Ine ndinali m'jekete yobwereka, pulojekita ili patebulo, ndikungomwetulira aliyense ngati mkwati.

"Monire mose," anayamba a Gondwe. "Mnyamata uyu watipangira chinthu cha mazuwa ano. Lero tiona anthu amene akutiona pa intaneti."

A Yusufu anakweza dzanja. "Bwana Gondwe, ine ndinatsegula. Koma chinatuluka chinthu chikuti chikufuna chizinditsatira. Ndinakana msangamsanga. Wonditsatira alipo kale kunyumba, mayi a ana."

Holo inaseka. "Nanenso nkhakana!" anafuula mayi wina kumbuyo. "Ine ndinazimitsa ndi foni yomwe," anatero wina. Aliyense anali atakana, ndipo ankanyadira.

Munthu wanzeru akanamva pamenepo kuti zinthu zapita kumpanda, n'kunamizira magetsi. Ine ndinaseka nawo, n'kudina batani.

Pakhoma panatuluka bwalo lalikulu lokongola, ndipo pakati pake panalembedwa kuti mlendo: m'modzi.

"Yumoza pera? M'modzi yekha?" anadabwa a Gondwe. Kenako nkhope inawala. "Ndiye munthu wokhulupirika chomene ameneyo. Tsegula timuone. Ameneyo agona usiku umodzi kwaulere."

Anthu anaomba m'manja. Ine chala chinali chitadina kale mutu usanafunsidwe.

Dzina langa linatuluka. Lonse, ndi la bambo anga lomwe, zilembo zake zazikulu ngati za pa basi. Pansi pake panatsika mzere wa masamba amene mlendoyu anatsegula. Zipinda, ayi. Dimba, ayi. Malo oimika magalimoto, ngakhale mwangozi, ayi. Olandira Alendo. Olandira Alendo. Olandira Alendo. Ndinatsitsa kuti mwina pansi pali china, koma mzerewo unkangopitirira ngati msewu wa ku Ekwendeni.

"Pa Olandira Alendo pali vichi?" anafunsa a Gondwe mofatsa. "Tsegula."

Tawonga anadzaza khoma lonse, akumwetulira. Tawonga weniweni, amene ankagawa zakumwa pakhomo, anatembenuka ndi thireyi yake n'kulowa kukhitchini ngati waitanidwa.

"Ndimayesa, adada," ndinatero, mawu atasanduka a mwana wa kwaya. "Kuyesa ngati chithunzi chikutseguka bwino."

"Chikutseguka bwino ndithu," anatero a Yusufu, akupukuta misozi ndi chipewa chawo.

A Gondwe anavala magalasi n'kuyandikira khoma. Pulogalamu ija, mwa kukhulupirika kwake, inalembanso masiku ndi nthawi. Anaika chala pa mzere wina. "Apa ndi pa Sabata m'mawa. Si nthawi imene ine ndimalalikira iyi?"

Inali yomweyo. Ndinali nditayamba kupemphera ku tchalitchi kwawo, ndipo iwo anandiyamikirapo kuti ndimawerama nthawi yonse ya ulaliki.

Holo inaphulika. Amayi ena anayimba nthungululu, sindikudziwa kuti ya chiyani. Ine ndinkangofuna pansi patseguke, koma simenti ya a Yusufu inali yolimba.

Anthu atabalalika, a Gondwe ananditengera kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi. Mtima wanga unali kale pa basi ya ku Karonga.

"Makina akowa," anatero, "ukuti sangamuone munthu asanapemphe?"

"Inde, adada."

"Unawaphunzitsa ndiwe?"

"Inde, adada."

"Ndiye makina ali ndi mwambo kuposa mwini wake." Anandiyang'ana nthawi yaitali, nsidze zitakumana. "Mwezi uno usanathe ndione thenga pakhomo panga. Apo ayi, mwana akupita kwa ankhazi ake ku Karonga, ndipo iwe uzikayesa zithunzi za magalimoto."

Ku Mzuzu ndinalibe wachibale ngakhale m'modzi, ndipo malume anga ku Ntcheu anati sangakwere ulendo wonsewo asanatumize munthu wodziwa kalankhulidwe ka kumeneko. Munthu wamkulu yekhayo amene ankadziwa nkhani yanga yonse, popanda ine kufotokoza, anali a Yusufu. Ndinapita ku sitolo kwawo manja ali kumbuyo. Anaseka mpaka anakhala pa ndowa ya penti, kenako anati, "Chabwino mwanangu, ndipita. Umboni ndinauona ndi maso."

Tawonga sanapite ku Karonga. Anandinyanyalira kwa kanthawi ndithu, koma lero ndi mayi a kunyumba kwanga. Achinyamata amene ndimawaphunzitsa ntchitoyi ndimawauza kuti musanalumikize chowerenga alendo, chotsanimo kaye foni yanu, ndipo zotsatira muzione nokha musanayatse pulojekita. Amalemba mwaulemu, osadziwa kuti phunzirolo ndinaligula bwanji.

Tsamba lija asibweni sanalichotse. Ndikakhala ku ntchito ndimalitsegulabe, koma masiku ano ndimadina "Ayi."