A Tikitiki ndi Mlandu wa Pasaka

Pamsewu wathu panali munthu mmodzi amene anali pa udani ndi tsiku la pakalendala, ndipo munthuyo anali a Tikitiki, okonza mawotchi aja. Ankadana ndi Pasaka. Osati kuti sankapemphera, ayi. Kutchalitchi ankafika belu lisanalire, diso lili pawotchi, kuti amugwire woliza beluyo akachedwa. Chimene chinkawawawa n'chakuti Pasaka sakhazikika. Chaka chino Malichi, chaka chamawa Epulo, ngati munthu wopanda kwawo.

Kashopu kawo kanali kothina moti kasitomala akalowa, ankapuma mosinthana. Khoma lonse linali mawotchi okhaokha, onse akuloza nthawi imodzi. Ukabwera ndi wotchi yakufa, ankaika kagalasi padiso, n'kuitsegula kumbuyo, kenako n'kukufunsa tsiku la Khirisimasi. Ukayankha, amati, "Nanga Pasaka?" Ukangokanda m'mutu, basi, wotchi yako yaiwalika, uchokapo dzuwa litapendeka.

Tsiku lina a Tikitiki anawatsekereza abusa pakhomo la shopuyo. Abusa, munthu wofatsa, anafotokoza kuti chakumapeto kwa Malichi kuli tsiku limene usana ndi usiku zimalingana kutalika. Likafika limenelo, mpingo umadikira kuti mwezi uoneke wathunthu, ndipo Lamulungu lotsatira ndiye Pasaka. Poti mwezi suyendera limodzi ndi kalendala yathu, tsikulo limasunthasuntha.

A Tikitiki anachotsa kagalasi padiso.

"Ndiye kuti abusa, mpingo wonsewu, ndi mabuku anu onse aja, mukulamulidwa ndi mwezi?"

"Anakonza choncho akuluakulu a mpingo kalekale, bambo."

"Chinthu chopanda mivi, chopanda batire, choti kukachita mitambo sichioneka n'komwe? Mudzachibweretse pano ndidzachitsegule kumbuyo."

Atalephera kwa abusa, anaganiza zokonza okha. Analowa kwa anzawo ometa tsitsi, khomo loyandikana ndi lawo, n'kufufuta Pasaka pakalendala ya pakhoma, n'kumulemba pamene iwo ankaona kuti ndi poyenera. Ometa tsitsiwo, osadziwa kanthu, anatseka shopu Lachisanu wamba poyesa kuti ndi Lachisanu Loyera, n'kusala kudya tsiku lonse, n'kukapeza tchalitchi chokhoma, wosesa yekha ali pabwalo. Anabwerako ndi njala ndi ukali. A Tikitiki anangowauza kuti asadandaule, iwo ndiwo afika pa nthawi yake, wachedwa ndi mpingo.

Tonse tinkaseka. Koma tonse tinkadziwanso pamene panagona nkhani. Akazi awo anamwalira kale, n'kuwasiyira mwana mmodzi wamwamuna. Anamuphunzitsa ndi timawotchi tomweti mpaka anapeza ntchito yabwino kutali. Pokwera basi, mwanayo anati, "Ndidzabwera pa Pasaka, bambo."

Ndiye chaka chilichonse nyengoyo ikayandikira, a Tikitiki ankapaka laimu chipinda cha mwana wawo, kuchapa mabulangete, kukameta kwa anzawo aja. Ankatulutsa kampando pakhomo la shopu, moyang'ana pamene mabasi amaima. Basi ikaima, ankadzuka n'kukonza kolala. Basi ikachoka, ankakhalanso pansi. Tchuthi n'kutha.

Lachiwiri lake ankatsegula shopu ali ndi yankho kale. Mwana sanalakwe, anapempha tchuthi potengera tsiku la chaka chatha. Chaka chinacho Pasaka anafulumira, mwana anali asanakonzeke. Chinacho Pasaka anachedwa, anapeza ntchito itachuluka. Munthu wophunzira, wa foni yokhala ndi kalendala m'thumba, ankasocheretsedwa ndi mwezi chaka ndi chaka. Ometa tsitsi anayesa kamodzi kunena zoona, lumo lili m'manja.

"Achimwene, Khirisimasi sisuntha. Bwanji nayonso sabwera?"

A Tikitiki anadzuka pampando mutu utametedwa mbali imodzi, n'kutuluka. Anayenda choncho mpaka tsitsi linamera, ndipo palibe anayerekezanso kufunsa.

Anadwala m'nyengo yozizira. Amene ankawaphikira ndi kuwatembenuza pabedi anali ometa tsitsi omwewo ndi akazi awo. Foni inaimbidwa kangapo. Mwana ankati ali pamsonkhano, aimbanso. A Tikitiki anamwalira m'mawa wina wamba, patsiku lopanda dzina lililonse pakalendala.

Apa ndiye mwana uja anaipeza njira, osasochera ngakhale pang'ono. Anafika pagalimoto yonyezimira, suti yakuda, mpango woyera wopukutira misozi. Kumanda anaimirira n'kulankhula bwino kwambiri. Anati chuma chachikulu chimene bambo ake anamusiyira ndi kusunga nthawi ndi kusunga lonjezo. Ife tinaweramitsa mitu. Abusa anatsokomola. M'mawa mwake mawotchi onse anali m'makatoni, ndipo sabata isanathe shopu inali ya mnyamata wogulitsa zikwama za mafoni. Pokwera galimoto anandifunsa chifukwa chimene anthu ankanenera kuti bambo ake ankadana ndi Pasaka. Ankaona ngati ndi nthabwala chabe ya pamsewu. Ndinamuuza kuti ayende bwino.

Masiku ano pamsewu pathu phokoso lilipo lambiri, mnyamata wa zikwama uja amaliza nyimbo kuyambira m'mawa, koma palibe amene amakuimitsa ndi funso. Umadutsa, umafika kumene ukupita, palibe wakuchedwetsa, ndipo sizikoma. Ometa tsitsi anatembenuza mpando wawo wometera kuti uziyang'ana kukhoma. Makasitomala amadandaula kuti kumeneko kuli mdima. Iwo amati angopirira, sakufuna kumaona mabasi akuima.