Ndinapita Kukafunsira Mbeta, Njuchi n'Kundifunsira Ine

Pali nkhani ina imene ana anga amaimvera kwa agogo awo. Agogowo akamaifotokoza amaithira mchere wambiri, moti ndaona kuti kuli bwino ndiulule ndekha mmene zinayendera, ngakhale kuti palibe pamene ine ndikuoneka wanzeru m'nkhaniyi.

Zinali zaka zija sukulu yaulere itangoyamba, boma likutola aliyense wodziwa kugwira choko. Ine mwana wa ku Thyolo ananditumiza ku Misuku. (Nditawauza amayi anga, anandifunsa ngati kumeneko n'kofunika pasipoti.) Mapiri ndinawazolowera, nthochi zophika ndinazizolowera, ndinaphunziranso kunena "mwaghona" popereka moni ndi "yewo" pothokoza mosachita chibwibwi. Kenaka ndinaona Tusekile, mtsikana wa m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, basi mtima n'kuiwala njira ya kummwera.

Vuto langa linali mantha. M'kalasi ndinali mkango, koma pamaso pa akuluakulu lilime linkamatirira. Ndiye tsiku loti ndikaonekere kwa makolo a Tusekile litayandikira, chakudya chinasiya kulowa. Bambo ake, a Kayange, anali mlimi wa khofi wowetanso njuchi kufupi ndi nkhalango ya Mughese, ndipo anthu ankati sanawaonepo mano.

Ndinapita kukadandaula kwa a Nachisale, namwino wa pachipatala chathu chaching'ono, amene kwawo kunali ku Ntcheu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatulutsa m'chikwama kabotolo kakuda kotalika ngati chala.

"Matenda anuwa safuna jakisoni, achimwene. Awa ndi mafuta a udzu wa mandimu, uja timathira mu tiyi. Amachita kutcheza ngati kachasu. Anandibweretsera mchemwali wanga wa ku Mbeya."

"Ndizimwa kangati patsiku?"

"Kumwa? Mukufuna maliro? Ndi onunkhiza chabe. Madontho awiri pa kampango, mtima ukayamba kuthamanga mununkhize, mupume pang'onopang'ono. Fungoli limakhazika mtima pansi, mutu n'kupepuka. Awiri okha, mwamva? Ndipo asakhudze khungu."

Ndinayesa mawa lake pamsonkhano wa aphunzitsi. Kaya anali mafutawo kaya chikhulupiriro, koma ndinaimirira n'kutsutsa ahedi pa nkhani ya ndandanda ya maphunziro, mawu osanjenjemera. Anzanga anandiyang'ana ngati ndamera nyanga. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu.

Apa ndi pamene masamu anandipweteka. (Ndinkaphunzitsa masamu Sitandade 6, mundikhululukire.) Ndinati: ngati ahedi afuna madontho awiri, nanga a Kayange, munthu wosaseka, afuna angati?

Loweruka m'mawa ndinavala jekete ya a Simkoko, mphunzitsi mnzanga wachikulire wa komweko, amene anavomera kukhala thenga wanga, wondilankhulira kwa makolo. Jeketeyo anakwatira nayo iwo, ndipo pondibwereka anaisisita ngati mwana. Ndinathira madontho awiri pa kampango. Ndinanunkhiza, mtima osamva. Ndinawonjezera anayi. Kenaka ndinaganiza kuti kutulutsatulutsa kampango pamaso pa apongozi n'kupanda ulemu, bwanji fungo likhale pafupi ndi mphuno? Ndinathira pa kolala ya malaya. Ndinathira pa mapewa a jekete. Otsalawo, poopa kuti angandisowe panjira, ndinasakaniza ndi mafuta odzola n'kupaka m'tsitsi ndi m'khosi. Kabotolo kanatsala ndi kotala.

A Simkoko atafika anaima pakhomo n'kuyetsemula katatu.

"Asambizgi, mwagwera mu tiyi?" (Kumeneko aphunzitsi amatitchula kuti asambizgi.)

"Ndi mankhwala, bambo."

"Mankhwala? Mwe! Tiyeni, mwina mphepo ichotsako."

Mphepo sinachotse. Njira ya kwa a Kayange ndi yokwera ngati makwerero, ndipo thukuta litayamba, fungo linadzuka ndi mphamvu zake zonse. Khosi linayamba kutentha ngati andipaka tsabola wa kambuzi. Amayi ena amene tinakumana nawo atasenza nthochi anatipatsa moni, n'kutembenuka kawiri. Tikudutsa m'minda ya khofi, amene anali ali mbuu ndi maluwa, njuchi imodzi inayamba kundizungulira. Ndinaiingitsa. Inapita, n'kubwera ndi mnzake. (Lero ndikudziwa kuti inapita kukauza abale ake kuti yapeza malo abwino.)

Tinafika. Anatiyalira mphasa pabwalo, pansi pa mtengo wa mapeyala. A Kayange anakhala pa mpando, achimwene awo awiri pambali, amayi a Tusekile ndi azimayi ena chapatali pakhonde. A Simkoko anali atandilangiza kale: mutu pansi, manja pamaondo, osalankhula pokhapokha atandifunsa.

Chimene sindinadziwe n'chakuti pa nthambi ya mtengo womwewo panali gulu la njuchi zosamuka, litalendewera ngati thumba. Zinali zitakhala pamenepo masiku awiri, zikukana kulowa mumng'oma wopanda kanthu umene a Kayange anaziikira pafupi. Sindinadziwenso kuti kwa njuchi, fungo la udzu wa mandimu lili ngati mawu oti, "Bwerani kuno, kwathu ndi kuno."

A Simkoko anayamba kulankhula m'chinenero cha komweko, mawu okoma, oyenda pang'onopang'ono. Ine mutu uli pansi ndinaona njuchi zitatu pa bondo langa. Kenaka khumi pa mkono. Kenaka ndinamva phokoso pamwamba, ngati lole ikukwera phiri, ndipo a Simkoko anadukiza chiganizo pakati. Nditasuzumira m'mbali, thenga wanga anali akusuntha chokwawa ndi matako, kulowera ku khonde la azimayi.

"Asambizgi," anatero a Kayange ndi mawu otsika, "kusuntha yayi. Khalani waka choncho."

Ndinakhala. Si kulimba mtima ayi, miyendo ndi imene inali itandithawa. Njuchi zinatera pa mapewa, pamsana, m'tsitsi. Jekete inayamba kulemera ndi kufunda. Ina inayenda pa khutu langa ngati ikuyang'ana chipinda chogona. Ndinapemphera m'Chichewa, kenaka m'Chitumbuka changa chothyokathyoka, poganiza kuti mwina kuno mapemphero amafika msanga m'chinenero chimenecho.

A Kayange anadzuka mwakachetechete, n'kubwera kumbuyo kwanga.

"Tambasulani manja. Pachokopachoko."

Anandivula jekete ngati akusenda nthochi yakupsa, njuchi zili khathikhathi pamenepo, n'kupita nayo kumng'oma uja. Anaipinda n'kuilowetsa m'kati. Kukhonde kunamveka kubuula kwa a Simkoko.

Ndinaganiza kuti zatha. Koma zotsala zinasamukira pa kolala.

"Malayanso," anatero a Kayange.

"Adada, pali amama apo..."

"Mukufuna ulemu panji moyo?"

Ndinavula malaya. Inetu munthu woonda, nthiti zowerengeka, khosi lili psuu ndi mafuta aja, nditakhala pa mphasa pamaso pa amayi amene mwamwambo sindimayenera ngakhale kuwayang'ana m'maso. Amayiwo anadziphimba kumutu ndi chitenje, koma chitenjecho chinkagwedezeka. Tusekile, amene ankayenera kubisala m'nyumba, ndinamumva akuseka mpaka kutsokomola kuseri kwa zenera.

Zam'tsitsi anazithamangitsa ndi utsi wa chiguduli, kenaka mmodzi wa achimwene aja anandikhuthulira ndowa ya madzi ozizira a m'phiri. Ndipo pamenepo, zonse zitatha, njuchi imodzi imene inatsalira pa phewa inaona kuti yanyozedwa. Inandiluma pa mlomo wam'mwamba.

Anandifunditsa bulangete, zokambirana n'kupitirira, poti anthu anali atasonkhana kale. Pofika nthawi yoti andifunse ineyo, mlomo unali utafika pa mphuno.

"Dzina lanu ndimwe anjani, ndipo mukukhumba vichi pano?"

Ndinayankha. Zimene zinatuluka sizinali Chichewa, sizinali Chitumbuka, zinali ngati ng'ombe ikulira m'chitsime. A Kayange anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenaka mapewa awo anayamba kunjenjemera, anagwira pamimba, n'kuseka mpaka misozi. Abale awo ankayang'ana iwowo, osati ine.

"Masiku awiri nazinyengerera njuchi izi, zakana," anatero akupukuta m'maso. "Uyu wangokhala waka pasi, zalowa. Ndipo wandachimbire, sanathawe. Munthu wakuthawa yayi njuchi, mwana wane angamuthawa?"

Sindinawauze kuti ndikanakhala ndi miyendo, bwenzi pofika nthawi imeneyo ndili ku Karonga.

Lolemba a Nachisale ataona nkhope yanga sanafunse zambiri. Anangotambasula dzanja kuti ndiwabwezere kabotolo kawo, n'kukayang'ana pa dzuwa, n'kundiyang'ana ine. Mankhwala a khosi anandipaka mosanyengerera. Jekete inatuluka mumng'oma patapita milungu itatu, ili ndi phula m'matumba, ndipo a Simkoko anatha teremu yonse akundipatsa moni ndi mutu wokha.

Tusekile ndinamukwatira. Takhala zaka zambiri, ndipo ndikafuna kumukalipira amangochita "zzzz" pansipansi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti ndinaphunzira kumvera malangizo. Chimene ndinaphunzira n'china: ukachita chopusa pamaso pa apongozi n'kupeza chawakomera, wadzipezera ntchito ya moyo wonse. Chaka chilichonse khofi akachita maluwa, njuchi zikayamba kusamuka, a Kayange, amene pano akuyendera ndodo, amatuma uthenga woitana ine mkamwini wawo: "Muuzeni mukweni wane abwere, ming'oma iwiri ili waka, yopanda njuchi." Ndawafotokozera kambirimbiri kuti mafutawo angathe kungopaka pa mng'oma, munthu osafunika. Iwo amati njuchi za ku Mughese zinazolowera ine.

Ndipo ndimapita. Kungoti masiku ano ndimanyamula malaya awiri.