Chitini cha Bambo Mkwezalamba

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere. Pa koleji ina ya aphunzitsi panali bambo Mkwezalamba, amene anayang'anira zamasewera kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Bwalo la mpira analambula okha ndi ophunzira, kuzula zitsa ndi makasu. Timu ya atsikana anayambitsa ndi iwowo, akuluakulu a koleji akukwinya nkhope. Chikho cha mpikisano wa makoleji chinachita kuzolowera kugona mu ofesi yawo.

Atapuma pantchito, malo awo anatenga a Chiwaula, munthu wa mapepala ambirimbiri a sukulu. Bambo Mkwezalamba anawapempha kuti akhale nawo tsiku limodzi awaonetse za m'chipinda chosungiramo zida, koma a Chiwaula anayankha kuti zonsezo anaphunzira kale. Kunena zoona, a Chiwaula sanali munthu woipa. Anali ndi mantha basi. Aliyense ankanong'ona kuti chikho chipita ndi mwini wake, ndipo iwo ankaona ngati kufunsa n'kuvomereza.

Mpikisano womaliza utayandikira, a Chiwaula anamva kuti masewera aakulu akamafika, bambo Mkwezalamba ankadzitsekera m'chipindamo ndi chitini china. Anachifufuza mpaka kuchipeza. M'katimo munali chinthu chachikasu, cholimba, chonunkhira uchi. Mtima wawo unakhala pansi. Anati chinsinsi cha madala aja n'chimenechi, chakudya chopatsa mphamvu.

Tsiku la masewera anachidula ntchintchi n'kugawira anyamata onse khumi ndi mmodzi. Kaputeni wa timu anafunsa mwaulemu ngati chinali chodyedwa. A Chiwaula anatola ntchintchi yaikulu koposa n'kuponya m'kamwa. Anatafuna, anatafuna, chinthu osatha, chikungomata m'mano. Anameza chomwecho, misozi ili m'maso, ndipo anyamata nawo anameza poopa abwana.

Masewera anayamba bwino ndithu, mpaka timu yawo inagoletsa chimodzi. Kenaka mpira unang'ambika pamsoko, phwii! Masiku amenewo mpira unali wachikopa, ndipo koleji inali nawo umodzi wokha wabwino. Lamulo linkati eni bwalo akalephera kupereka mpira, chipambano n'cha alendo.

Bambo Mkwezalamba, amene ankaonera ali m'khamu la anthu, anatsika pang'onopang'ono, singano ili kale m'manja.

"Musade nkhawa, mwana wanga," anatero. "Mungondipatsa chitini changa cha phula, ndipake ulusi. Popanda phula ulusi sulimba."

A Chiwaula anayang'ana pansi. Zaka zonsezo mkuluyo ankadzitsekera kuti asoke mipira ndi manja ake, osauza munthu.

"Tadya," anayankha chapansipansi.

"Mwadya chiyani?"

"Lonse, bambo."

Mkulu uja sanaseke, ngakhale kuti bwalo lonse linali litagwa nalo phwete. Anasoka ndi ulusi wouma, koma utangomenyedwa kawiri mpira unaphulikanso. Woimbira anaimba wezulo, alendo n'kunyamula chikho.

Anthu atabalalika, awiriwo anatsala pabenchi, a Chiwaula atagwira pamimba. Mkuluyo anali ndi chisoni chenicheni, osati cha chikho ayi, koma cha mnzakeyo.

"Nyumba yanga ili kuseri kwa golo uko," anatero. "Mukanangokuwa, ndikanamva."

Kuyambira tsikulo, munthu akamachita manyazi kufunsa amene anayenda njira iye asanabadwe, anthu amangopukusa mutu n'kunena kuti safunsa anadya phula.